Mwana wa kunyanja wa ku Dedza

Chimene chidzandiphe ine ndi pakamwa. Chibwerereni kuno ku New Jersey ndakhala ndikuuza anzanga a kuntchito kuti kwathu kuli nyanja yotalika makilomita oposa 500, ndipo ine ndine mwana wa kunyanjako. Nyanjayo ilikodi, pamenepo sindinaname. Ndinangoiwala kutchula kuti ine ndinakulira ku Dedza, kumapiri, kumene nsomba timakumana nazo pamsika zitauma kale. Usodzi wanga wonse unathera pa matemba atatu a m'dambo, amene ndinawedza ndili Sitandade 4 ndi mbedza ya waya.

Ndiye mwezi wa Juni mnzanga wina anati, "Loweruka tiye tikawedze fluke, ukatiphunzitse za kwanu." Mutu unavomera wokha, mtima uli phaphapha.

Fluke ndi nsomba yophwatalala ngati chitumbuwa chimene wachikhalira. Imabadwa ili ndi diso uku ndi uku monga nsomba ina iliyonse yaulemu wake, koma ikamakula diso lakumanja limasamuka, kudutsa pamutu, n'kukakhala pafupi ndi linzake kumanzere. Ikatero imagona cham'mbali pansi pa nyanja, khungu n'kulifananiza ndi mchenga, maso ali m'mwamba, kudikira kuti chakudya chidutse chokha. Kukazizira imathawira kumadzi akuya, kukafunda imabwerera kufupi ndi gombe. Ndili ndi mlamu wamakhalidwe omwewa, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Lachinayi ndinalowa m'sitolo ya zipangizo za usodzi n'kupempha mbedza ziwiri ndi nyongolotsi. Mwini sitolo anandiyang'ana ngati ndapempha mankhwala a chikondi. Kenako anatulutsa chinthu chotchedwa bucktail, mtundu wa jigi: kamutu ka mtovu kopenta bwino, kokhala ndi maso, mbedza itabisala m'ubweya wa kumchira kwa gwape. Anati imodzi siikwana, chifukwa kulemera kwake kumatengera kuya kwa madzi ndi liwiro lake. Pena aunsi imodzi imakwana, pena mpaka 6. Palinso mitundu: yoyera, yapinki, ndi ina yobiriwira mothobwa m'maso. Sindinadziwe kuti nsomba yogona m'mchenga nayo imasankha ngati mkwatibwi.

Atatero anatsitsa mawu, ngati akundiuza za kudambwe, n'kutulutsa teaser. Aka ndi kambedza kakang'ono kovala tiubweya, kamene umamangirira pachingwe chomwecho, mainchesi 12 mpaka 18 pamwamba pa jigi. Asodzi amati fluke ikaona jigi ikudumphadumpha pansi, kanthu kakang'ono kakuuluka pamwamba pake, imayesa kuti nsomba ina ikuthamangitsa ndiwo, ndiye imalumpha kuti ilande. Apa ndinamvetsa msanga. Imeneyi ndi nsanje basi, ndipo maphunziro a nsanje ine ndinamaliza kalekale kumudzi.

Chimene sindinaone n'chakuti bamboyo ankandiwedza ndi njira yomweyo. Anayamba wandionetsa ndodo yowedzera yamtengo wa mbuzi zingapo, ine n'kukana monyadira nzeru zanga. Kenako anayamba kugwedeza tating'onoting'ono pamphuno panga: kachingwe ka fluorocarbon kamene akuti nsomba siikaona bwino m'madzi, timbedza, ndi botolo la nyambo zofewa za Gulp, tinsomba tabodza toviikidwa m'madzi onunkha. Tonseto ndinameza. Ndinatuluka ndi kajumbo kokwana m'thumba la jekete ndi risiti yotalika ngati mpango, ndikumwetulira. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Usiku wa Lachisanu ndinakhala patebulo ndi foni, YouTube ikundiphunzitsa mfundo yopachikapo teaser, imene eni ake amaitcha dropper loop. Umapinda chingwe kuti chipange mkombero, n'kupotokola kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kulowetsa mkomberowo pakati, kunyowetsa ndi malovu kuti chingwe chisapse pokoka, kenako kukoka mbali zonse ziwiri. Mnyamata wa pavidiyoyo ankamaliza ndisanaphethire. Yanga yoyamba inatuluka ngati chisa cha mpheta. Yachinayi inagwira bwino ndithu, kungoti inagwira ndi chala changa chomwe.

Cha m'ma 12 koloko amayi a kunyumba anatulukira atafunda chitenje, n'kundipeza ndikunyambita chingwe.

"Kodi bambo, mwayamba kukhwima?"

Ndinati ayi, izi ndi za sayansi.

Anayang'ana patebulo. "Mchira wa nyama. Chitsulo chamaso. Mankhwala onunkha m'botolo. Malovu pakati pa usiku. Kwathu munthu akapezeka ndi zimenezi amakayankha kwa amfumu."

M'bandakucha tinakwera boti lalikulu la anthu ambiri ku Atlantic Highlands, kulowera cha ku Sandy Hook. Kawedzedwe kake n'kosavuta ukamamva ndi makutu. Woyendetsa amasiya boti kuti liziyenda lokha ndi madzi, amaliza hutala, aliyense n'kutsitsa chingwe mpaka jigi igunde pansi. Ukatero umangogwedeza dzanja pang'onopang'ono kuti jigiyo izidumpha pamchenga ngati chule. Chachikulu n'chakuti uzimva pansipo nthawi zonse. Ukasiya kumva, jigi yako yapepuka, ika yolemera.

Zimenezi ndikuzidziwa lero. Tsikulo ndinamangirira ya aunsi imodzi, poti ndi imene inali yotchipa ndipo ndinkaopa kutaya zodulazo. Kufunsa sindikanafunsa, nanga mwana wa kunyanja n'kufunsanso? Safunsa anadya phula. Jigi yanga pansi siinafike n'komwe, madzi anaitenga n'kuidutsitsa kunsi kwa boti. Posakhalitsa ndinamva kukoka kwamphamvu. Ndinakuwa m'Chichewa, "Yadya! Yadya!" Ndikakoka, iyo inkakokanso. Kuseri kwa boti nakonso bambo wina wandevu ankakuwa kuti wagwira chinsomba cha moyo wake. Tinalimbana mphindi zisanu zathunthu, thukuta lili kamukamu, mpaka mnyamata wothandiza m'botimo anasuzumira m'madzi, n'kupukusa mutu, n'kutulutsa sizasi. Mfundo zanga za usiku wonse zinatha ndi kheche kamodzi.

Anandimangira chingwe china mwakachetechete, ndi jigi ya maaunsi 4. Nthawi yomweyo ndinamva gu pansi, ndipo sipanatenge nthawi ndinavuula chinthu. Chinali ndi mapiko, timiyendo kunsi kwa khosi, mutu wolimba ngati chigoba, ndipo chinkalira ng'orong'oro chikundiyang'ana. Akuti ndi sea robin. Mnzanga uja anafunsa kuti kwathu timaitcha chiyani. Ndinati kwathu zoterezi sitizitchula dzina.

Za m'mimba ndingodutsapo. Tingoti tiyi ndi buledi wa m'mawa ndinazipereka kwa Atlantic mwaulere.

Dzuwa litapendeka, ndodo inalemera ngati ndakola thumba lonyowa, kenako inanjenjemera. Ndinakweza modekha monga anandiuzira, mnyamata uja n'kutchera kaukonde. Fluke yeniyeni, maso onse mbali imodzi, itameza teaser, jigi yodula ija osaikhudza n'komwe. Misozi inalengeza. M'maganizo ndinali nditakazinga kale, tomato ndi anyezi zili poteropo, nsima ikuphulika. Mnyamatayo anaigoneka pa rula: mainchesi 17 ndi theka. Lamulo la chaka chimenecho linkafuna 18. Ndisanatsegule pakamwa kuti tikambirane ngati anthu, anaiponya m'madzi. Theka la inchi, abale! Kwathu usipa wonga chala umadyetsa nsima banja lonse, kuno nsomba yodzaza mbale akuti ikadali mwana.

Gogo wina wachizimayi amene anaima pambali panga anali atakwanitsa kale ma fluke ake atatu. Pofuna kunditonthoza anandiuza kuti zikuluzikulu amazitcha doormat, kunena chopondera pakhomo, ndipo mu 1975 Charles Nappi anagwira ya mapaundi 22 ndi maaunsi 7 ku Montauk, yoposa makilogalamu 10. Ndinathokoza mwaulemu, ngakhale sindinaone pamene nkhaniyo ikundikhudza.

Pobwerera botolo la nyambo lija linagubuduka pampando wakumbuyo chifukwa sindinalitseke bwino, moti mpaka lero galimoto yathu imanunkha ngati msika wa nsomba wa ku Limbe mwezi wa Okutobala. Kunyumba ndinapeza nsima ili patebulo, pambali pake usipa wouma umene achemwali anatibweretsera m'sutikesi.

"Mwaphika liti zimenezi?"

"Ndinauviika m'mawa mutangotuluka, bambo."

Majigi otsalawo ndinawapachika pamsomali pabalaza kuti aume. Lamulungu apongozi anaimba pa WhatsApp kuchokera ku Ntcheu, pavidiyo. Tili mkati mwa malonje anasiya kuyang'ana ine, n'kumayang'ana khoma kumbuyo kwanga. Anakhala chete kanthawi, kenako anati ndipereke foni kwa mwana wawo, ndipo ine ndiyambe ndatuluka panja.