Chikomekome cha Nkhuyu ndi Satifiketi ya Yoga

Makolo amene ankati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere ankanena za chipatso chopsa bwino chimene chimadololetsa mwana, koma akachibenthula amapeza kuti eni ake anayamba kale kudya, ndipo mwambiwu ukugwirabe ntchito lero pa foni ya mnyamata wa ku Lichinga, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, amene akufuna kukhala mphunzitsi wa yoga. Yoga ndi mwambo wakale wa ku India wophunzitsa munthu kulamulira thupi, kapumidwe ndi maganizo, ndipo kuyambira mu 2015 dziko lonse lapansi limaukumbukira pa 21 June, tsiku limene ku Lichinga limagwa pakati pa chisanu, moti munthu wokhala duu pa mkeka m'mamawa sadziwika ngati akusinkhasinkha kapena wangouma ndi kuzizira.

Mkuyu wa masiku ano ndi intaneti, ndipo nkhuyu zake ndi zithunzi za sukulu za ku Rishikesh, Bali ndi Cape Town, momwe munthu amaoneka ataima chamutu pa mwala, dzuwa likulowa kumbuyo kwake, pansi pake patalembedwa RYS 200. Zilembozi zimachokera ku Yoga Alliance, bungwe la ku America lokhazikitsidwa mu 1999, ndipo RYS ndi sukulu yolembedwa m'kaundula wake, pamene RYT ndi mphunzitsi wolembedwa m'kaundula yemweyo. Nambala yotsatira imawerenga maola: RYT 200 waphunzira maola 200, RYT 500 waonjezerapo ena 300, ndipo chilembo E chikatsogola, monga mwa E-RYT 200, mwini wake waphunzitsa anthu maola osachepera 1,000 pa zaka zosachepera ziwiri chimalizireni maphunziro. Nyerere yoyamba ili pomwepa, chifukwa bungweli si boma ndipo silimuyesa munthu mayeso. Limalemba dzina m'kaundula sukulu ikachitira umboni, wolembedwayo n'kumalipira chaka ndi chaka kuti dzinalo lisafufutidwe.

Masamu ake ndi osavuta. Maola 200, munthu akamaphunzira maola 8 pa tsiku, amatha m'masiku 25, kutanthauza kuti mphunzitsi wa yoga amakhwima msanga kuposa nyemba zotchuka za ku Niassa, zimene zimafuna pafupifupi miyezi itatu m'munda. Pakanakhala chilungamo pa kawerengedwe ka maola, mayi amene wakhala akudendekera ndowa yodzaza kuchoka pa mjigo kwa zaka 20, khosi lili chilili, mwana ali kumbuyo, osataya ngakhale dontho, akanapatsidwa zilembo zonse kuyambira A mpaka Z, koma iyeyo alibe chithunzi cha dzuwa likulowa.

Mikuyu ina ndi yovuta kukwera. Otsatira njira ya B.K.S. Iyengar, amene ankaphunzitsa ku Pune mpaka imfa yake mu 2014, amafuna kuti munthu ayambe wachita yoga kwa zaka zingapo asanaloledwe kuphunzira uphunzitsi, kenako amamuyesa pamaso pa akatswiri, ndipo ku India komweko unduna wa AYUSH uli ndi bungwe la Yoga Certification Board limene limalembetsa mayeso. Kuchokera mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseka makomo, maphunziro a pa intaneti anachuluka, zimene zimapulumutsa thumba la munthu wolandira metikali amene akanalipira ndege m'madola, kungoti netiweki ikaima mphunzitsi amayamikira kupirira kwa wophunzira amene, kunena zoona, anagwa kale chagada.

Kubenthula nkhuyu, tsono, ndiko kufunsa mafunso amene chithunzi sichiyankha: aphunzitsi ake ndi ndani ndipo aphunzitsa zaka zingati, maola angati amaperekedwa ku maphunziro a mafupa ndi minofu, wophunzira amapatsidwa mpata woyeserera kuphunzitsa anzake kapena amangoonerera, ndiponso ngati dzina la sukuluyo likupezekadi m'kaundula amene ikudzitama naye. Funso la mafupa ndilo lalikulu koposa, popeza amene adzagwade pa mkeka ku Lichinga ndi anthu a misana yotopa ndi khasu ndi njinga, ndipo bondo likaguluka wolipinda ndiye adzayankhe mlandu kwa abale. Sukulu imene ikuzemba kutchula mayina a aphunzitsi ake isatumiziridwe ngakhale metikali imodzi pa M-Pesa.