Banzi la pamutu

Loweruka lapitali ndinasekedwa ndi mayi wina wopukusa makiyi a galimoto kuchala ngati pali amene akukayika zoti ali nayo, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhale pansi.

Mayi akunyumba anapita kumaliro ku Ntcheu n'kundisiyira mwana wathu wa zaka 7, yemwe amaphunzira gule wa ballet pasukulu ina kuno ku Blantyre. Lachisanu usiku aphunzitsi analemba pagulu la WhatsApp kuti mawa kuli chionetsero, mwana aliyense abwere ndi "bun". Ine ndine munthu womvera. M'mamawa ndinalawirira kugolosale n'kugula mabanzi sikisi otentha, poganizira ana ena amene makolo awo angaiwale.

Pofika pasukulupo jumbo ili m'manja, ndinapeza tiana tonse tsitsi litakokeredwa kunkhongo n'kumangidwa kampira konga mtanda wa nsima wa munthu wodwala. Mayi wa makiyi uja anayang'ana jumbo, mutu wa mwana wanga, kenako nsapato zanga, n'kuyankhula Chizungu chodzera m'mphuno. Ataona kuti ndangoti kakasi, anatsikira ku Chichewa ngati munthu wotsika ndege n'kuponda matope: "Bambo, si banzi lakudya ayi. Ndi la pamutu." Anzake anaseka atagwira pakamwa ndi zikhadabo zonga za nkhwazi. Mwana wanga anangoti, "Adadi, tiyeni tizipita."

Tinathamangira kusaluni. Tsitsi la mwanayu ndi lakwathu, lolimba, loti chipeso chikalowamo chimasiyamo mano awiri. Mayi wapasaluni anamasula mizere imene amake analuka, nayatsa makina owumitsira, magetsi n'kuthima. Anausa moyo, n'kuitana anzake awiri. Wina anagwira mutu, wina akukoka, wina akupaka jelo ngati mmisiri womata pulasitala pakhoma. Anakoka mpaka nsidze zinasamukira pakati pa mphumi, nkhope n'kukhala ya munthu amene wangomva mtengo wa shuga. Tsitsi litachepa anawonjezera meshi, n'kukulunga ndi kaukonde konga kophera usipa. Mapini ndinawerenga mpaka 20 n'kuleka, ndikupemphera kuti tisadutse pafupi ndi maginito. "Ankolo, musamulole aseke, zimasuka," anandichenjeza mayiyo polandira ndalama yokwanira thumba la makala.

Aphunzitsi akuti lamulo la banzili lili ndi chifukwa chake: khosi lizioneka bwino, ndipo tsitsi lisamamenye mwana m'maso akamazungulira. Chabwino. Koma tsitsi la mwana wanga silinamenyepo munthu m'maso chibadwire. Limakhala pomwe laikidwa ngakhale kuwombe mwera. Lamuloli analipangira tsitsi lina, lija lolendewera ngati ndevu za chimanga, ife tangolitola ngati malaya apakaunjika osayesa n'komwe.

Mfumu Louis XIV ya ku France, imene inakhazikitsa bungwe loona za kavinidwe ku Paris mu 1661, inkavala chiwigi chogwera m'mapewa, koma palibe anaibweza pageti kuti ikamange banzi. Ovina ballet akuda ku Britain anakhala zaka zambiri akupaka zodzola zakumaso pansapato zawo kuti zifanane ndi khungu, mpaka mu 2018 pomwe kampani ya Freed of London inayamba kupanga zabulawuni. Ngati mapazi anadikira choncho, zamutu zidzakambidwa adzukulu athu atamera imvi.

Koma Louis ndilibe naye mlandu. Ondipsetsa mtima ndi amayi a makiyiwa, amene agogo awo ankavina chimtali ndi chioda duku lili kumutu, fumbi lili koboo, popanda pini ndi imodzi yomwe. Lero akamva ng'oma amati mutu ukuwawa, koma mawu a Chifalansa a mu ballet akuti plié amawatchula milomo itasongoka ngati akuyamwa bwemba. Pachinkhoswe amavina ndi mapewa okha ali pampando, foni ili m'mwamba. Ana awo akakumana ndi wamkulu amangodutsa ngati adutsa chitsa, koma banzi lili chilili.

Tinabwerera nthawi itatsala pang'ono. Mwana anakwera pansanja n'kuvina mphindi zinayi, maso ali tong'o poti kuphethira kunali kosatheka. Ndisaname, atanyang'ama manja ali m'mwamba n'kundifunafuna pagulu, misozi inalengeza, ndipo ndinaomba m'manja ndekha pamalo osayenera kuomba.

Chionetsero chinatha cha m'ma 2 koloko aliyense njala itamugwira, zakudya zimene komiti inalonjeza zisanafike. Ndinamasula jumbo yanga. Ana anagawana anayi. Awiri otsalawo anawadya mayi wa makiyi uja atabisala kuseri kwa galimoto yake, ndipo anatuma mwana kudzafunsa ngati ndinabweretsako majarini.