Zida za akulu zikoma zikagonera

Makolo anati mawu a akulu akoma akagonera. Ankanena za malangizo amene mwana amawanyoza lero, mawa atapunthwa n'kumawakumbukira akusisita chala. Ine ndapeza kuti mwambiwu umagwiranso zitsulo, ndipo mphunzitsi wanga ndi bokosi la masipanala la malemu malume anga.

Malume anali makaniko. Atatisiya, tsiku logawana katundu abale analimbirana wailesi, njinga ndi jekete la ku Joni mpaka amfumu kulowererapo. Bokosi lija, lolemera ngati thumba la simenti, penti itasupuka, palibe analiyang'ana kawiri. Azakhali anakhuthulira zitsulo zonse m'thumba la feteleza, ndipo m'bokosimo msoti unayamba kuikiramo mazira. Patapita zaka, msuweni wanga wa ku Birmingham analiona kumbuyo kwa chithunzi cha khanda chimene tinamutumizira pa WhatsApp. Za khandalo anangoti likukula bwino. Mafunso ena onse anali a bokosi. Pomaliza anati, "Asuweni, chotsanimo nkhukuyo lero lomwe. Kuno zimenezo anthu amazigula ndi mapaundi."

Ndinkayesa chisanu chamuzunguza mutu, koma ankanena zoona. Ku America ndi ku Britain kuli anthu, ena mwa iwo oti sanasinthepo tayala chibadwire, amene amasonkhanitsa mabokosi akale a zida ndi masoketi monga ena amasonkhanitsira masitampa. Amalawirira kumisika ya zinthu zakale, usiku n'kumapikisana mitengo pa eBay chifukwa cha sipanala imene kwathu kuno tingaimangirire pamtengo kuti ikhale belu la kusukulu.

Komatu satola chitsulo chilichonse. Mlendo akafika pamudzi timamufunsa kwawo ndi mfunda wake, ndipo iwonso amafunsa chitsulo mafunso omwewo. Mayankho amakhala pathupi pake, odindidwa ngati mphini.

Titenge Snap-on, imene Joseph Johnson ndi William Seidemann anaiyambitsa ku Milwaukee mu 1920. Masiku amenewo soketi zambiri zinkabwera iliyonse yomatirira kumpini wake, moti makaniko ankasenza zitsulo ngati wosamuka mudzi. Awiriwa anapanga mipini isanu ndi soketi khumi zozula ndi kuzika, zida 15 n'kumagwira ntchito ya zida 50. Agogo athu amene ankatembenuza nkhwangwa pampini womwewo n'kusanduka kasemasema anali nayo kale nzeruyi, anangolakwitsa posakailembetsa ku ofesi. Kuyambira 1927 kampaniyi inayamba kudinda kachizindikiro ka chaka pazida zake, choncho soketi ya Snap-on imadziwa zaka zake kuposa ambiri a ife amene timangoti tinabadwa chaka cha dzombe.

Chaka chomwecho cha 1927 masitolo a Sears anayamba kugulitsa zida za Craftsman. Sears sinkasula yokha, inkaitanitsa kwa ena, ndipo osulawo ankasiya timalembo tawo: "BE" ndi ka New Britain Machine, "V" ndi ka Moore Drop Forging. Abambo aimvi zawo amatha kukangana tsiku lonse, galasi lokulitsa zinthu lili kumanja, pa kachilembo kochepa ngati njere ya mapira.

Mabokosi nawo ali ndi mafumu awo. A Gerstner, opangidwa ku Dayton kuyambira 1906, ndi amatabwa, timadilowa take n'toyalidwa nsalu yofewa, ndipo m'chivindikiro muli kagalasi koti mmisiri azidziyang'anira kachitsulo kakamugwera m'diso. A Kennedy, a ku Van Wert, ndi achitsulo, penti yake yofiirira yamakwinya ngati khungu la nalimata. Mfumu yaikulu ndi bokosi la Henry O. Studley, mmisiri wa mapiyano, amene analongedza zida pafupifupi 300 m'bokosi limodzi lopachika pakhoma, chilichonse pamalo pake. Bokosi limeneli linafika poonetsedwa ku Smithsonian ku Washington. Lathu lija linali litangofika pa mazira asanu ndi atatu.

Nditakhuthula thumba la feteleza ndinapeza kuti malume sankayenda ndi anthu wamba. Munali King Dick ya ku Birmingham komweko, Britool ya ku Wolverhampton, ndi Gedore, imene abale atatu a kwa Dowidat anaiyambitsa ku Remscheid ku Germany mu 1919 ndipo imapangidwanso ku South Africa. Sipanala ina inalembedwa "1/2 W" koma kukamwa kwake n'kwa mamilimita pafupifupi 23, ndipo sinkagwira bawuti iliyonse ya galimoto za masiku ano. Ndinkati ndi yabodza. Chilembo cha W chikuimira muyeso umene Joseph Whitworth anaukhazikitsa mu 1841, ndipo nambalayo imanena kunenepa kwa bawuti, osati kukula kwa mutu wake. Inali sipanala ya galimoto zakale za ku Mangalande, zija zinkayenda m'misewu yafumbi ya Nyasaland. Inangotsala yokha ngati nkhalamba imene anzake onse olankhula nayo chinenero chimodzi anapita.

Tsono kugonera kuli pawiri. Thobwa likagonera limakoma, koma ndiwo zikagonera zimasasa. Chitsulo chogonera m'thumba la feteleza chili kumbali ya ndiwo, chifukwa feteleza amakoka chinyontho ndipo dzimbiri limachita phwando. Ine nditaona dzimbirilo ndinathamangira sandipepa ndi chitini cha penti yabuluu, cholinga bokosi liwale ngati minibasi yatsopano. Msuweni anakuwa pafoni mpaka khutu kulira. Kwa osonkhanitsa, penti yoyamba, ngakhale yosupuka, ndiye umboni, ndipo amene wapala timalembo ndi galainda wafufuta mfunda wa chitsulo. Kupenta bokosi lotere kuli ngati kuda imvi za agogo ndi polishi ya nsapato kuti akaoneke bwino paukwati.

Chofunika n'chochepa. Tsukani girizi wakale ndi parafini ndi kabulashi kofewa. Pamene dzimbiri lakakamira, viikani mu viniga kwa maola ochepa, osati sabata, chifukwa viniga akatha dzimbiri amayamba kudya chitsulo. Tsukuluzani, umitsani bwinobwino, pakani kaoyilo pang'ono. Bokosi likhale pamwamba, kutali ndi simenti yapansi ndi denga lodontha. Kapepala ka dzina la kampani kakakhala kadakali m'chivindikiro, kasiyeni monga kaliri.

Dzimbiri lili ndi mankhwala, koma wobwereka alibe. Seti ya masoketi imalemera mtengo ikakhala yathunthu, ndipo palibe seti imene inapulumuka mawu akuti, "Bwana, tandibwerekeniko teni, ndibweza pompano." Soketi ya 10 imasowa kulikonse kumene kuli amakaniko, kuyambira ku Ndirande mpaka ku Milwaukee, ndipo sindinamvepo kuti wina waitola. M'seti ya Gedore ya malume malo ake anali gwaa ngati chibowo cha dzino. Wobwereka wina amabweza ndithu, koma atalumikiza chitoliro kumpini n'kudumphirapo ndi miyendo yonse, mano a ratchet atathera m'kati.

Msuweni akufuna ndimutumizire zonse akagulitse. Ndakana. Malume akanamva kuti sipanala yawo yatsekeredwa m'kabati yagalasi, yosakhudza bawuti, akanaseka mpaka kutsokomola. Gedore ndikumangira njinga, Whitworth ndaipatsa penshoni, msoti tinausamutsira m'dengu ngakhale sunasangalale.

Inu owerenga, ogula zitsulo zakutha akamadutsa ndi sikelo yawo, musathamangire kuwapatsa thumba lili kuseri kwa nkhokwe. Yambani mwapukuta chitsulo chilichonse ndi kansanza, muwerenge dzina lake. Mukapezamo soketi ya 10, ikani m'thumba la malaya ndipo musauze aliyense.