Mwera unandipeza ndi nkhani yosamaliza

Tchuthi chachikulu cha ana asukulu chimagwa mu Ogasiti, koma ife amene timadya za cholembera mweziwu sutipumitsa. Mkonzi wa magazini ina ankafuna nkhani yanga ya chilumba cha Mbenji pofika Lachisanu masana. Ana nawo anali atasunga mawu anga oti sukulu ikangotsekera tipita kunyanja ku Senga Bay, ndipo m'mawa uliwonse ankandikumbutsa. Ndinaganiza zophera mbalame ziwiri pa ulendo umodzi, poti Mbenji ndi Senga Bay zonse zili m'boma la Salima.

Tikulongedza, mayi a ana anati, "Abambo, malizani kaye nkhaniyo, tinyamuke Loweruka. Nyanja sithawa." Ndinawayankha kuti malo ogona ndalipira kale, zotsalazo ndikalembera komweko. Tinanyamuka Lachinayi m'mamawa, makilomita pafupifupi 100 kuchoka ku Lilongwe pa msewu wa M14, kenako ena 20 kuchoka pa boma la Salima kukafika kugombe.

Nkhaniyo ndinkaikonda kwambiri, ndipo mpaka pano ndimaikonda. Kuyambira zaka za m'ma 1950, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi pa Mbenji nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, kuti utaka ndi nsomba zina ziswane bwino. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga. Pamene m'madoko ambiri asodzi akudandaula kuti chambo chasowa, anthu a kumeneku asunga nsomba zawo ndi lamulo la mfumu lomwe aliyense amaliopa. Ndinkafuna kuti owerenga amve zimenezi kuchokera pakamwa pa asodzi eni ake.

Titafika tinapeza magetsi atazima. Batire la laputopu yanga ndi lokalamba, ndiye masana onse ndinathera pa kashopu kotchajitsa mafoni ka sola, ndikulemba pa benchi, wailesi ikulira pambali. Ana anasambira ndi mayi awo. Wamng'ono anabwera kudzandionetsa tizigoba ta nkhono m'chipewa chake, ine n'kungoti, "Zabwino, pita kwa amayi," osadzutsa ndi mutu womwe.

Lachisanu m'mawa ana anapempha kukwera boti lopita ku Namalenje, kachilumba ka miyala komwe alendo amati Lizard Island. Ndinatenga laputopu m'chikwama poopa kuisiya m'chipinda. Mwini boti, bambo wachikulire wakhungu lopsa ndi dzuwa, anayang'ana kumwera asanalize injini. "Akulu, tipite koma tisachedweko. Mwera ukubwera uwu." Aliyense wokhala m'mbali mwa nyanja amaidziwa mphepo imeneyi. Imaomba kuchokera kumwera chakummawa miyezi yozizira, ndipo ikalimba a zanyengo amachenjeza asodzi pa wailesi kuti asalowe m'madzi. Ine ndinawamva bamboyo, koma m'njira nditazindikira kuti anawedzapo ku Mbenji ali mnyamata, mtima wanga wonse unapita pa nkhani ija.

Titafika pa Namalenje ndinakhala nawo pa mwala n'kuyamba kuwafunsa. Anandifotokozera momwe khoka la chilimira amalikokera ndi maboti awiri, ndi momwe siginala amakhalira yekha m'bwato usiku ndi nyali zake kuitanira usipa pamwamba. Ndinkalemba mothamanga. Mnyamata wawo wothandizira anali akuimba mluzu n'kuponya kansomba m'madzi kuti nkhwazi itsike, ndipo ndinamva ana akukuwa ndi chimwemwe kumbuyo kwanga. "Ababa, mwaiona? Yatola ndi zala zake!" Sindinaione. Kawiri konse bambo aja anadzuka kuti tizipita, ine ndikuti funso limodzi lokha.

Pobwerera nyanja inali itasintha. Madzi anada, mafunde ankamenya boti cham'mbali, ndipo lililonse likamenya madzi ankakhuthukira mkati. Mnyamata uja anayamba kukapa ndi chigubu chodula pakati. Mwana wanga wamkazi anagwira jekete yake yoyandamitsa ndi manja onse awiri, milomo ikunjenjemera, osatulutsa mawu. Wamng'ono analira mokweza atabisa nkhope m'chitenje cha mayi ake. Mwini boti sanandinene kanthu. Ankangolunjikitsa mutu wa boti ku funde lililonse, n'kuchepetsa moto, n'kuwonjezeranso. Ulendo womwe popita unali waufupi unatalika zedi. Ndinawaika ana anga pamenepo ndine, ndipo ndikakumbukira nkhope ya mtsikanayo mtima umandiwawa mpaka lero.

Tinafika kumtunda tonse amoyo, titanyowa chonyoweratu. Chikwama chinali pansi pa thabwa lokhalira, m'madzi momwemo. Mothamanga ndinatulutsa laputopu n'kuiyatsa kuti ndione ngati nkhani ilipo. Inawala pang'ono, kenako inathima osadzukanso. Nthawi n'kuti masana atadutsa kale.

Ndinaimbira mkonzi. "Pepani bwana, ndipatseni mpaka mawa m'mawa." Anapumira m'mwamba n'kunena kuti masamba akupita kosindikiza usiku womwewo, ndipo malo anga aikapo nkhani ya munthu wina. Yanga idzadikira mwezi wotsatira, malipiro akenso chimodzimodzi. Sanakalipe, koma anandiuza kuti akanakonda ndikanawauza Lachitatu kuti ndili pa ulendo, bwenzi atandisunthira tsiku.

Usiku umenewo ana atagona ndinalemba zonse zomwe bambo aja anandiuza, m'kope la masamu la mwana wanga, mayi a ana atandiunikira ndi tochi ya pafoni. Anandikumbutsanso mfundo zina zomwe iwo anamva ali chapatali. Loweruka lonse ndinakhala pa mchenga ndi ana, koma mtsikana anakana kulowa m'madzi ngakhale ofika m'mawondo.

Ku Lilongwe wokonza makompyuta anandiuza kuti ndikanaisiya iume osaiyatsa mwina ikanapulumuka. Kuiyatsa ili yonyowa ndi kumene kunapsereza za mkati. Anakwanitsa kupulumutsa zolemba zanga zokha. Ndalama yogulira ina yogwiritsidwapo kale ntchito inachokera pa zomwe tinasungira yunifomu ndi nsapato za Seputembala, moti ana anatsegulira sukulu ndi nsapato za chaka chatha.