Anandifunsa maganizo, ine n'kuwapatsa onse

Bambo anga anachoka ku Mulanje kudzathyola tiyi kuno ku Honde Valley, ndipo anandisiyira chuma cha mitundu iwiri: dengu lakumsana ndi pakamwa. Dengu linatha ndi chiswe. Pakamwa pakadali pabwinobwino.

Ku Hauna, mphwanga, mwana wa mlongo wanga, ali ndi kakontena kokonzera mafoni. Pambali pake pali mtengo wa mango ndi benchi yopendekeka, ndipo kwa zaka zambiri benchi imeneyo ndiyo inali chipatala chathu. Ukabwera ndi foni yodwala, usanafike n'komwe pawindo, asing'anga asanu amakhala atayigwiragwira kale. Wina akuti zimitsani muyatsenso. Wina akuti igone mumpunga. Mkulu wina matenda onse ankachiza ponyambita batire. Komanso poti Mozambique ili kuseri kwa phiriko, foni imatha kudzuka m'mawa ikukulandira m'Chipwitikizi iwe uli pamphasa yako, ndiye nkhani imeneyo yokha inkatifikitsa masana.

Ine ndinali wapampando wa odandaula. Funso lomwelomwelo kufunsidwa kakhumi pa tsiku! Wobwera mochedwa kuthandizidwa msanga chifukwa ali ndi mawu aakulu! Ndinkawakumbutsa za kusikelo kuesiteti: mzere, nambala, kapitawo alemba makilogalamu, iwe nkumapita.

Tsiku lina mphwanga anatulutsa kope ndi bolopeni. "Amalume, ndikufuna ndikonze malo ano. Aliyense alembe maganizo ake."

Mundimvetse. Mu 2009 dola ya Zimbabwe inaikidwa m'manda, sanandifunse. Mu 2016 kunabwera ma bond note, sanandifunse. Mu 2024 kunabwera ndalama ya ZiG, ndinangoimva pawailesi ngati uthenga wa maliro a kutali. Ndiye munthu wa ludzu la zaka zonsezi mukumupatsa kope? Anzanga analemba kamzere kamodzikamodzi. Wina anapempha benchi yosapendekeka. Wina analemba kuti amalume anuwo azibwera Loweruka lokha, ndipo zilembo zakezo zinkafanana kwambiri ndi za munthu amene ndimadya naye mbale imodzi kumaliro. Ine ndinadzaza masamba anayi, n'kupempha bolopeni ina.

Ndinati pakhale manambala. Pakhale bolodi la mafunso obwerezabwereza, munthu aziwerenga yekha. Mabenchi akhale atatu: ya batire, ya netiweki, ya ndalama za pafoni zosochera. Wosaphunzira ntchitoyi asapereke malangizo. Macheza ayi. Ndipo zonse zilembedwenso m'Chichewa, chifukwa malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amatchula zilankhulo 16, ndipo chathuchi ndicho choyambirira pamndandanda. Mphwanga anati chinatsogola chifukwa cha alifabeti chabe. Ana a masiku ano sadziwa kusiyira mkulu kachimwemwe kake.

Tsoka langa n'lakuti mnyamatayo amamva. Anachita zonse, osasiyako ngakhale chimodzi.

Lolemba ndinavala jekete, ndinafika mbandakucha, ndinatenga nambala 1. Foni yanga inali itakhala chete masiku atatu, ndipo ndinali nditakonzeka kufotokoza mbiri yake kuyambira tsiku limene ndinaigula ku Mutare. Mphwanga sanayankhule. Anangoloza bolodi. Funso loyamba, m'Chishona ndi m'Chichewa: "Onani ngati simunadine kandege." M'munsi mwake, ndi tizilembo ting'onoting'ono: "Funso la amalume." Ndinadina. Kandege kotseka netiweki kaja kanatera. Mauthenga anayamba kulowa ngati ngumbi, ambiri a anthu ondikumbutsa ngongole.

Mphindi ziwiri basi, ndachira. Tsiku lonse lili patsogolo panga ngati munda wosalima.

Ndinakhala pa benchi ya batire, anandifunsa ngati batire yanga ili ndi vuto. Ndinasamukira pa ya netiweki. Pamenepo panali bambo wina wosokonezeka, foni m'manja, ndipo mtima wanga wachifundo unati ndimuuze za mpunga. Ndisanamalize, iye analoza lamulo lachinayi. Ndinaliwerenga m'Chichewa chomveka bwino, chifukwa ndinalimasulira ndine.

Pofika eyiti koloko ndinali kunyumba. Mayi akunyumba anandiyang'ana, n'kuyang'ana dzuwa, n'kuyang'ana khasu. "Abambo, mwabwera msanga. Amene anakonza dongosolo la kumsikalo Mulungu amuonjezere nzeru." Sabata imeneyo ndinapalira nthochi zonse, mpaka za aneba.

Alamu anga ochokera ku Chipinge, amene anakalambira m'minda ya tiyi kumeneko, anadzacheza ndili mkati mwa chilangochi. Nditawadandaulira, anayamba kundiphunzitsa mbiri. Akuti tiyi wa Tanganda anayambira pa esiteti ya New Year's Gift mu 1924, zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo wothyola ndi manja akudziwabe chinthu chimodzi, masamba awiri ndi kansonga. "Akanakupatsani kope inuyo alamu, bwenzi pano tikuthyola mizu." Anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi wanga, wa shuga wanga.

Patatha mwezi kope linatulukanso, akuti tione ngati kusinthako kwathandiza. Ndinadikira anthu ayang'ane kumbali, ndinagwira bolopeni ndi dzanja lamanzere: "Bwezerani benchi yakale. Amene anabweretsa maganizo amenewa alibe chochita pakhomo pake." Dzina sindinalembe.

Mphwanga anawerenga mokweza pamaso pa mabenchi onse atatu. "Amalume, m'kope lonseli wolemba Chichewa ndinu nokha."

Asing'anga a pabenchi aja, ndamva, anasamukira pansi pa mkuyu kuseri kwa chigayo. Amachezabe mpaka madzulo, batire amanyambitabe. Dzulo ndinapitako, foni m'manja, kandege nditakadina dala. Anandilandira mwaulemu, kenaka n'kundiuza kuti nawonso anafunsana maganizo, ndipo anagwirizana lamulo limodzi lokha.