Njinga ya matayala onenepa pa Mandimba

Imani pano pamthunzi, musatseke njira. Pano ndi pa Mandimba, m'mphepete mwa msewu wa N13, pamene anthu ochokera kumalire a Chiponde amatsikira atanyamulidwa pakaliyala, ziphaso zili m'thumba la malaya, fumbi lili m'nsidze. Kuseri kwa amayi ogulitsa chinangwa chootcha kuli mtengo wa mango, ndipo pansi pake m'pamene amakonzera njinga. Chikwangwani palibe. Mudziwira matayala akutha opachikidwa panthambi, beseni la madzi akuda loyesera machubu, ndi mmisiri wa imvi zapatalipatali amene wakhala pachitini cha penti, sipoko ali kukamwa.

Tsiku lina nkhani idabwera ndi foni. Mnyamata wina wochokera cha ku Massangulo, ku Ngauma uko, wangolandira za fodya, ndipo thumba likumuyabwa. Wakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri n'kuchisendeza pamphuno pa mkuluyo.

"Mjomba, ndikufuna yotere."

Mmisiri walavula sipoko uja, n'kukankhira foniyo patali pang'ono, poti maso adayamba kale kukana zapafupi. Wayang'ana, wapendeketsa mutu.

"Injini yake ili pati?"

"Ilibe injini, mjomba. Ndi yopalasa."

"Nanga matayala a mota akudzatani apa?"

Anyamata a kabaza amene amadikira makasitomala chapafupi asiya bawo. Wosintha ndalama naye wayandikira, mpukutu wa makwacha kudzanja lina, wa meticais kudzanja linalo, khosi lili tototo. Foni yayamba kuyenda m'manja. Wina wadabwa m'Chiyao, wina wayankha m'Chimakua, wachitatu watukwana pang'ono m'Chipwitikizi, koma kuseka kwake n'kumodzi. "Aise, imeneyi ukakwera, apolisi akufunsa laisensi."

Chimene chili pachithunzipo si bodza la pafoni ayi. Njinga zoterezi zilipo. Tayala lake limakhala la mainchesi 4 m'lifupi, mwinanso 5, pamene la njinga zathu zakale zija za Hero kapena Phoenix ndi la inchesi imodzi ndi theka. Salipopa mpaka kulimba gwa. Amalisiya lofewa dala kuti likaponda mchenga liphwatalale n'kuyenda pamwamba, osaudula ngati mpeni pansima monga limachitira tayala lopyapyala. Kampani ya ku America ya Surly itatulutsa njinga yake yotchedwa Pugsley mu 2005, m'pamene zidayamba kupezeka m'masitolo, ndipo masiku ano za ku China zotchipirako zimafika m'mizinda ikuluikulu.

Mnyamatayo sakusekedwa chabe, akudziwa chimene akufuna. Akuti phula la N13 ndi labwino, koma iye sakhala paphula. Ukangopatuka kulowera kumudzi kwawo, chilimwe ndi mchenga, dzinja ndi matope, ndipo thumba la chimanga likakhala kumbuyo, iwe ndiye umasanduka wonyamula njinga. Akulankhula uku akusonyeza ndi dzanja mmene tayala limamirira. A kabaza aja asiya kuseka, chifukwa mchenga umenewo amaudziwa ndi akatumba awo.

Mmisiri sanatsutse. Wangofunsa funso limodzi, modekha, uku akupukuta gilisi pabuluku.

"Mphwanga, chubu chake chikaphulika uli pakati pa Massangulo ndi kwanu, china uchipeza kuti?"

Zii.

"Ku Cuamba mwina."

"Mwina. Makilomita ngati 150 kuchokera pano, kukafunafuna mwina. Akakuuza kuti kulibe, ukwere sitima ya ku Nampula. Njinga ili chogona m'khonde, nkhuku zikuikirapo."

Apa ndiye pali nzeru yonse ya pansi pa mango. Wa ku Ulaya akamamanga njinga yakeyake amayamba ndi kusankha chimene mtima wake wakonda, zotsalazo amaitanitsa pa intaneti n'kumufikira pakhomo. Wa kuno amayambira kumapeto, pa tsiku limene chinthucho chidzathyoke, n'kumabwerera chammbuyo. Komatu musaganize kuti kumanga njinga mwakufuna kwako n'kwachilendo pa Mandimba. Tayang'anani zimene zaimikidwa apazi, palibe ndi imodzi yomwe imene ili monga idatulukira m'sitolo. Iyi adaichotsa kaliyala ya kufakitale n'kuwotchererapo ya zitsulo zomangira nyumba. Iyo ili ndi masipoko onenepa kumbuyo, poti mwini wake amatuta makala. Inayo foloko yake adaiwonjezera timitsulo tiwiri kuti isapindike pamabampu, ndipo ya kabaza ili ndi khushoni ya siponji, zopondera za kasitomala ndi kagalasi kooneramo amene sanalipire. Ngakhale Buffalo, imene adaipangira dala misewu ya kuno ndipo kaliyala yake imaloledwa makilogalamu 100, ikafika m'manja mwa wogulitsa nsomba za m'nyanja ya Amaramba imawonjezeredwabe kena kake. Chachilendo pa mnyamatayu n'chakuti iye wayamba ndi maonekedwe, ndipo ine sindimuweruza. Munthu amene walima fodya chaka chathunthu, kudzuka usiku kusoka ndi kuyanika, ali ndi ufulu wofuna chinthu choti akadutsa pamsika anthu atembenuke.

Tibwerere, chifukwa mmisiri watola sipoko uja ndipo wayamba kujambula pansi. Wasalaza dothi ndi chikhatho. Wajambula gudumu, kenaka timizere tiwiri tochokera pa mapedulo kupita kumbuyo. "Vuto loyamba ndi ili. Tayala lonenepa silingalowe apa, mpata ndi wochepa. Tidula, titanula, tiwotcherera. Vuto lachiwiri, tcheni. Tayala likafutukuka, tcheni chizikhula m'mbali mwake mpaka kulidya. Chiyenera kusunthira kunja, ndiye ekiselo ya pakati ikhale yayitali. Lachitatu, mabuleki. A mphira awa sangakumbatire gudumu lotere." Akatchula vuto amabaya pansi ndi sipoko, ndipo mnyamata uja amameza mate pa kubaya kulikonse, poti akudziwa kuti bowo lililonse ndi ndalama.

Felemu wabwera nayo yekha, ya mauntini ya kaunjika, yonyezimira bwino, yopepuka. Akuinyadira. Mmisiri sanaiyamikire. Wapisa m'bokosi la masipanala n'kutulutsa maginito a sipika yakufa, wawagunditsa pafelemupo, maginito agwa pansi. Wawatola, wayesanso, agwanso.

"Aluminiyamu. Wowotcherera wathu uja akangoikhudza ndi moto wake, isanduka phala. Kasinthe ndi yachitsulo."

"Koma mjomba, yachitsulo imalemera."

"Iwe ukufuna matayala a mota, lero ukuopa kulemera?"

Wosintha ndalama waseka mpaka kutsala pang'ono kugwetsa mpukutu.

Atakangana za tayala la njinga yamoto, limene mmisiri walikana chifukwa ndi lalifupi ndipo lingamalize mawondo a mwana wa eni, mkuluyo wakhala chete kanthawi, akukanda chibwano. Kenaka wanyamuka, watenga marimu awiri achitsulo a saizi 26, wawagundanitsa m'mbali n'kuwakweza m'mwamba kuti aliyense aone. Marimu awiri owotcherera pamodzi, matayala awiri wamba oyandikana, machubu awiri wamba, habu imodzi. Zonse zogulika pamsika uliwonse kuyambira Chiponde mpaka Cuamba. "Chimodzi chikaphulika, chinzake chikufikitsa kwanu."

Mkuluyu sanapiteko ku Alaska, ndipo ndikukayika ngati dzinalo lidamudutsapo m'khutu. Koma kumeneko, m'zaka za m'ma 1980, anthu opalasa pachisanu chokwirira msewu ankachita zomwezi: kuwotcherera marimu awiri, ena mpaka atatu, kuti njinga isamire. Matayala onenepa a m'sitolo adabwera pambuyo. Ndidafuna kumuuza, koma nkhope yake inali ya munthu amene wangotulukira yekha chinthu, ndipo ndani ine kuti ndimulande.

Zotsatira zake zidatenga nthawi, monga zimakhalira ntchito ikadalira anthu atatu ndi magetsi. Wowotcherera, mnyamata wovala magalasi a dzuwa m'malo mwa chophimba kumaso, adalumikiza marimuwo pang'onopang'ono, kadontho apa, kadontho kutsidya, kuopa kuti kutentha kungawapotoze. Ntchito yeniyeni inali yoluka masipoko. Apa mmisiri sankafuna macheza. Njinga itagadama, ankazunguza gudumu, chala chachikulu chili pafupi ndi rimu, kumvetsera pamene likukhudza. Akapeza, kakiyi kake kamatembenuka pang'ono chabe, kenaka amakhwefula sipoko wa mbali inayo. Nthawi zina ankawaliza masipokowo ndi chikhadabo mmodzimmodzi, khutu lili pafupi, wolira mosiyana ndi anzake n'kumumanga. Mwana wina wa sukulu atafunsa kuti akumva chiyani, adangoti, "Amene akunama."

Za mabuleki adathana nazo ndi habu ya kumbuyo yoimitsa popalasa chobwerera. Magiya onse a mauntini aja adapita m'bokosi. Kutsogolo adangoika tayala limodzi, lonenepa koposa onse amene adapezeka, poti mmisiri adati katundu sakhala kutsogolo ndipo ndalama za fodya si za boma.

Tsiku loiyesa, ngakhale amayi a chinangwa adasiya mbaula. Mnyamata adakwera, adapalasa, njinga idanyamuka mwaulemu kwambiri. Paphula imalira mbuu, ndipo kamtunda kakang'ono kokha kadamutulutsa thukuta m'mphuno. Wa kabaza wina adamupitirira akuimba mluzu, kasitomala ali kumbuyo. Koma atapatukira kanjira ka mchenga kotsikira kudambo, atamangirira thumba la chimanga lobwereka, njinga idadutsa osaima, pamene wa kabaza yemwe uja adatsika n'kuyamba kukankha. Pobwera mwini njinga sadalankhule kanthu. Adangoiimika pakati penipeni, n'kuyamba kupukuta fumbi pafelemu ndi malaya ake omwe.

Chigamulo cha a kabaza chidagawikana. Ena akuti ndi ya shasha, ena akuti munthu wopopa machubu atatu m'mawa uliwonse ndiye kuti alibe chochita. Mmisiri sakulowerera. Wamuuza mnyamatayo kuti abwerenso akaiyendetsa ndi katundu kuti adzamange masipoko amene akhwepe, ndipo matope akalowa pakati pa matayala awiriwo azichotsa ndi kamtengo asanaume.

Wogulitsa makala wina wa njira ya ku Lichinga wafunsa kale mtengo, ndipo wauzidwa wokwererapo. Nanunso ngati mwakopeka, bwerani ndi felemu yogwira maginito ndi marimu awiri ofanana, ya wowotcherera ikhale padera. Za "ndidzakupatsani fodya akagulidwa" mjombayu salandira.