Mango ndi athu, masamba ndi anu

M'tauni muno mtengo wa mango sukhala ndi mwini mmodzi chaka chonse. Tengani umene unamera m'malire mwa mapuloti awiri ku Chilomoni kapena ku Area 25, thunthu lili mbali ino koma nthambi zinadumpha mpanda kalekale. Mu Ogasiti, maluwa ndi masamba ouma akamayoyoka, kamvuluvulu n'kumawaunjika pakhomo pa ena, mumva kugogoda pageti. "Odi aneba! Pepanitu, sikuti tikudandaula ayi, koma mtengo wanuwu watitopetsa. Mwanayu akumachedwa kusukulu chifukwa chosesa." Dikirani Novembala. Mayi omwe aja aima pampanda, maso m'mwamba, mano ali mbee: "Koma chaka chino mtengo wathuwu wabereka mwamwano! Ndi maboloma eti?" Akufunsa chonchotu ana awo ali kale m'nthambi, wina akuwakha ndi chitenje pansi. Mwala wogendera mango ukaswa galasi la windo, mwana wouponya sakhala ndi makolo. Amangokhala mmodzi mwa "ana a masiku ano".

Kusesa nakonso kuli ndi malamulo ake osalembedwa. Tsache limayamba kulira 5 koloko m'mawa, pafupi penipeni ndi windo la munthu amene wagwira ntchito yausiku. Wosesa amadziwa malire a puloti kuposa oyeza malo a boma. Tsache likafika pamzere limaima, mulu wa zinyalala n'kukankhidwira tsidya linalo pang'ono chabe, mwaulemu, kuti mawa mnzake aubwezere kuno. Mulu umodzi ukhoza kuyenda choncho sabata yathunthu mpaka wina atatopa n'kuugwetsera m'ngalande. Mvula yoyamba ikagwa, ngalande n'kutsekeka, madzi n'kulowa m'nyumba zonse ziwiri, anebawo amagwirizana chimodzi kwa nthawi yoyamba: olakwa ndi akhonsolo.

Ena amakonda moto, koma moto wa zinyalala suyatsidwa chisawawa. Munthu amayamba waona kumene mphepo ikulowera, ndipo akatsimikiza kuti aneba ayanika mabulangete ndi mayunifolomu a ana, ndiye kuti nthawi yakwana. M'mulumo simukhala masamba okha. Muli nsapato zakutha, matewera a mwana, ndi majumbo opyapyala aja boma linaletsa mu 2015. Utsi ukati tolo, wotentha amaima poteropo ndi kamtengo m'manja n'kupereka moni: "Mwaswera bwanji aneba? Tikukuthamangitsiraniko udzudzu."

Kumayadi zinthu zimayenda mwaulemu wake. Ku Area 10, ku Area 43 kapena ku Namiwawa kapinga amakhala wobiriwira ngakhale mu Okutobala, pamene jakaranda yekha ndiye amakhala akusangalala ndi dzuwa. Kapingayo sapondedwa ndi munthu aliyense, ngakhale ana a m'nyumbamo. Ntchito yake n'kuonedwa ndi alendo basi. Bwana amalima dimba lawo ali pakhonde, akuloza ndi makiyi a galimoto. "Achimwene, hejiyo yapendekera. Apo pali tsamba." Achimwenewo analembedwa ntchito ngati gadeniboyi, koma ndi omwenso amatsuka galimoto, kuphikira agalu, kutsekula geti, kupha njoka ndi kuthamangira mayunitsi a magetsi. Maluwa amene madamu anagula m'mbali mwa msewu akaphuka, alendo amauzidwa kuti, "Ine ndi maluwa ndiye musanene, ndili nalo dzanja." Akafota, achimwene sanathirire. Bilu ya madzi ikabwera yoopsa, achimwene amathirira mowononga. Munthu mmodzimodziyo, payipi yomweyo.

Tisawaiwale alandilodi. Awa amaoneka nyengo ziwiri: kumapeto kwa mwezi ndi pamene mapeyala akhwima. Amafika ndi thumba lopindidwa bwino m'khwapa, akuti angodutsa kudzakuonani. "Mwana wanga, ndinakubwereka nyumba, mtengo ayi. Umenewu ndinabzala ndekha iwe usanabadwe." Koma auzeni kuti nthambi ya mtengo womwewo yaweramira padenga ndipo ikukhula malata usiku wonse. "Iii, zimenezo muone chochita inu amene mukukhalapo."

Tsono likubwera tsiku limene mtengo umaweruzidwa. Milandu yake imakhala itaunjikana: mizu ikung'amba khoma, ikulowera kudzenje la chimbudzi, masamba akuwoletsa malata, wina anaonamo njoka yobiriwira. Zonsezi mtengo umapulumuka. Chimene sungapulumuke ndi kadzidzi. Akangolira m'menemo usiku umodzi, m'mawa kukacha banja lonse, ndi bambo omwe ali ndi madigiri awiri, limakhala litagwirizana kuti mtengowu wakula mokwana.

Ndiye amaitanidwa katswiri. Katswiri wogwetsa mitengo alibe ofesi. Amapezeka kudzera mwa mlonda wa aneba, amene ali ndi mlamu wake wodziwa zimenezi. Amafika wopanda nsapato, chikwanje m'manja, chingwe chomangamanga mfundo paphewa. Amauzungulira mtengo, kuumenya ndi chikhatho, kupukusa mutu.

"Bwana, uwu ndi wovuta. Waima moipa."

"Ndiye zingati?"

"Nenani ndinu, bwana."

"Ayi, wantchito ndi inu madala, tchulani."

Kukankhirana kumeneku kumatenga nthawi yoposa yodulira nthambi yoyamba. Akagwirizana, mtengo wovuta uja umasanduka mwana. "Musadandaule bwana, ine ndinagwetsapo mabulugamu akuluakulu. Uwu ugwera apa ndendende." Akunena choncho akujambula mzere pansi ndi chala chakuphazi.

Chikwanje chikangolira kawiri, mainjiniya amatulukira. Wakabaza waimika njinga, wogulitsa mandasi watula beseni, bambo wina amene amapita kuchipatala waiwala kuti akudwala. Aliyense ali ndi nzeru, wogwira chingwe palibe. "Temani cha uku!" "Ayi, mphepo ikuchokera uko!" "Kokani, kokani!" Atatu amene avomera kukoka akukokera mbali zitatu. Mtengo umamvetsera malangizo onsewo modekha, kenako n'kusankha wokha. Umasiya mzere wa katswiri uja n'kukagona pampanda wa aneba, nthambi imodzi itakolanso waya wa magetsi. Mzere wonse wa nyumba zii. Mainjiniya amabalalika aliyense akunena kuti ananeneratu. Katswiri amayang'ana njerwa zili mbwee, n'kunena kuti akukatenga chingwe china chachitali. Mukamuonanso, mupatseni moni.

Chodabwitsa n'chakuti mkwiyo wa aneba sukhalitsa, pakuti mtengo wogwa ndi nkhuni, ndipo thumba la makala masiku ano silitsika panjinga ndi moni yekha. Mayi aja ankadandaula za masamba ndi oyamba kufika. "Aneba, zangozi izi, mpanda timanga. Tipempheko tinthambi tiwiri tophikira nyemba." Tinthambi tiwirito timanyamulidwa pawilibala maulendo angapo. Pofika madzulo patsala chitsa ndi utuchi, ndipo alandilodi ali pafoni kufunsa kumene kwapita thunthu lawo.

Okutobala wotsatira, m'nyumba muli ng'anjo. Bambo amene analamula kuti mtengo ugwe anyamula mpando wawo kukakhala pansi pa keshya wa nyumba yachitatu, galimoto nayo aimika mumthunzi wa eni ake. Akudzipepesa mphepo ndi nyuzipepala, akuusa moyo: "Kusintha kwa nyengo kwatipweteka. Anthu akumudzi akutha mitengo."

Musawadere nkhawa, chikumbumtima chawo chili ndi nyengo yake. Kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo dziko lino limakhala pa nyengo yobzala mitengo. Nthawi ya Kamuzu linali tsiku limodzi, 21 Januwale, ana asukulu atanyamula timachubu ta mbande. Lero ndi miyezi inayi, ndiye aliyense amapeza mpata wojambulitsa. Bambo athu aja amafika pamalo atavala tisheti yatsopano ndi chipewa chake, dzenje atakumba kale ena. Amagwira khasu moonetsa kuti anasiyana nalo kalekale, kuika kambande ka m'bawa, kukankhira dothi ndi nsapato, wina n'kuwathira madzi a m'botolo kuti asambe m'manja. Pofika masana chithunzi chili pa Facebook ndi mawu olimbikitsa mtundu wonse. Pofika Febuluwale mbuzi zachita mbali yake, ndipo chotsala chimamalizidwa ndi chiswe kapena moto wa osaka mbewa. Chaka chamawa adzabzala m'dzenje lomwelo, zomwe zimachepetsako ntchito yokumba. Wa ku Blantyre amene akufuna kudziwa zotsatira za zithunzi zonsezi angokweza maso n'kuyang'ana phiri la Ndirande ndi la Soche.

Inu amene munajambulitsa mukubzala chaka chathachi, Loweruka likubwerali pitani mukakaone kamtengo kanu, ngati mukukumbukira pamene munakasiya. Tengani ndowa ya madzi ndi timitengo taminga totchingira mbuzi. Foni muisiye kunyumba.